Mawu achilendo a pakhadi ya chipatala: mafunso amene anthu a ku Chipata amandifunsa

Pa zaka zimene ndinali namwino kuno kum'mawa, theka la ntchito yanga linali la pakamwa. Adokotala alemba pakhadi, wodwala atuluka, n'kundikokera pambali pakhonde: "Amayi, apa alembapo chiyani?" Ndinapuma pantchito, koma makhadi akundilondolabe kunyumba, kutchalitchi, ngakhale pamaliro. Adzukulu a kusekondale nawo amabwera ndi mawu amene atola pa intaneti. Mafunso obwerezabwereza ndawaika pano. Ndafotokozanso kumene dzina lililonse linachokera, chifukwa ndinaona kuti munthu akamva tanthauzo la dzina la nthenda yake, mtima umakhala m'malo ndipo mankhwala amawamwa mpaka kumaliza.

Bwanji achipatala amalemba mawu ovuta chonchi? Kodi pali chimene amatibisira?

Mawu ambiri a zachipatala ndi a Chigiriki ndi Chilatini, zilankhulo zimene ophunzira a ku Ulaya ankalembera kale. Ubwino wake ndi woti dokotala wa ku Chipata, wa ku Lilongwe ndi wa ku Cairo akaona liwu limodzi, onse amamva chimodzi. Koma mukalisenda liwulo ngati chimanga, mkati mupeza mawu wamba a kumudzi. Malaria, malungo athu omwewa, ndi Chitaliyana, ndipo tanthauzo lake ndi "mpweya woipa". Anthu a ku Italy ankaona kuti okhala m'mbali mwa madambo ndiwo amadwala kwambiri, ndiye ankati ndi fungo la m'dambo. Kuona anaona bwino, koma gwero analiphonya. Mu 1897 Ronald Ross, ali ku India, anapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu, koma dzina lakale lija linakanirira. Vaccine, amene ife timati katemera, akuchokera ku liwu la Chilatini lotanthauza ng'ombe, popeza mu 1796 Edward Jenner anatemera mwana ndi mafinya a nthomba ya ng'ombe kuti asadwale nthomba yeniyeni.

Kubisa kwadala n'kosowa. Chimene chimachitika n'chakuti mzere ndi wautali, ogwira ntchito atopa, ndiye kufotokoza kumatsalira. Ndinakumanapo ndi agogo ena amene anamanga khadi pansonga ya chitenje miyezi itatu osauza ana awo, poopa liwu loti anaemia. Iwo ankati ndi khansa. Liwulo limangonena kuchepa kwa magazi. Musanatuluke m'chipinda, funsani kuti akuuzeni m'Chinyanja. Ndi ufulu wanu.

Kodi mayina onse a matenda ndi a Azungu?

Ayi, ndipo ine zimenezi zimandisangalatsa. Chikungunya ndi Chimakonde, chilankhulo cha kumalire a Tanzania ndi Mozambique, kumene nthendayi inabuka mu 1952. Liwulo limanena za kupindika, chifukwa odwala amayenda chowerama ndi ululu wa m'mfundo. Konzo ndi Chiyaka cha ku Congo, "miyendo yomangidwa": munthu amene wakhala nthawi yaitali akudya chinangwa chowawa chosaviikidwa mokwanira amadzuka tsiku lina miyendo itauma, ndipo sichira. Nthendayi inapezekanso kumadzulo kwa Zambia. Tsetse, kashembe wathu uja, ndi liwu la Chitswana. Nagana, nthenda imene kashembe amapatsira ng'ombe, ndi Chizulu. Mawu onsewa anayamba kunenedwa ndi alimi ndi amayi a kumudzi, lero ali m'mabuku a madokotala dziko lonse. Lotchuka koposa ndi la m'funso lotsatirali.

Mwana wanga alembedwa kwashiorkor, koma akuluakulu akuti ndi tsempho. Ndimve ziti?

Funso limeneli landipeza kambirimbiri, ndipo kawirikawiri mayi amafunsa akulira, chifukwa tsempho limabwera ndi mlandu. Akuluakulu amati mwana watupa chifukwa bambo kapena mayi anaphwanya mwambo wa kumphasa, kapena munthu "wotentha" anathira mchere m'ndiwo. Banja limayamba kulozana zala, mwana ali gone.

Kwashiorkor ndi liwu la Chiga, la ku Ghana. Dokotala wina wamkazi, Cicely Williams, analilowetsa m'mabuku a zachipatala mu 1935 atalimva kwa anthu a kumeneko. Tanthauzo lake ndi nthenda imene mwana wamkulu amadwala pakabwera wina womupondera. Amayi a ku Ghana anali ataona kale kuti mwana akachotsedwa kubere msanga n'kumangopatsidwa phala lamadzimadzi, amatupa.

Zizindikiro zake n'zimene makolo athu ankanena za tsempho: mapazi ndi nkhope kutupa, tsitsi kufiira ndi kunyozoka, khungu kusupuka, mwana kunyansidwa ndi chakudya n'kumangoti ndwii. Dinani ndi chala chachikulu pamwamba pa phazi lake, muwerenge mpaka katatu. Pakatsala kadzenje m'mapazi onse awiri, nyamukani tsiku lomwelo. Mwana wotere sachira ndi nsima yambiri, ndipo kumukakamiza chakudya cholemera mwadzidzidzi kungamuvulaze. Kuchipatala amayamba ndi mkaka wapadera pang'onopang'ono. Makolo anazindikira nthendayi molondola, ndipo ndimawapatsa ulemu pa zimenezo. Pa gwero pokha ndi pamene ndimasiyana nawo. Nkhani za m'nyumba mudzakambirana mwana atachira. Kuno timalima nshawa, nyemba ndi soya zambiri, ndipo zimandipweteka kuona matumba onse akukwera lole ya ogula, phala la mwana lilibe ndi nsinjiro zomwe.

Ndinamva kuti pali kachilombo kotchedwa ndi dzina lakale la dziko lathu. N'zoona?

N'zoona. Kachilombo ka kaodzera wa kuno dzina lake lonse ndi Trypanosoma brucei rhodesiense. Liwu loyambalo ndi Chigiriki, "thupi looneka ngati chobowolera". Lachiwiri likukumbutsa David Bruce, amene anapeza kachilombo ka nagana. Lachitatu ndi Rhodesia, chifukwa Stephens ndi Fantham, amene anakalongosola ku Liverpool mu 1910, anakapeza m'magazi a munthu amene anadwalira m'chigwa cha Luangwa. Ndiye kuti dzinalo linachokera kuseri kwa mapiri athu omwewa.

Kaodzera wa ku West Africa amatenga zaka, koma wathuyu amathamanga, masabata kapena miyezi yochepa. Amayamba ngati malungo: kutentha thupi, mutu, kuphwanya m'thupi, nthawi zina chilonda pamene kashembe analuma. Kusinza masana kumabwera mochedwa, kachilombo katafika kale ku ubongo. Ngati munali ku Mambwe, ku Mfuwe kapena kwina kumalambo, ndipo poyeza malungo sakupezeka koma thupi likutenthabe, auzeni achipatala kumene munali ndi chimene chinakulumani.

Masese a m'nyama ya nkhumba ndi chiyani? Kodi n'zoona kuti amabweretsa khunyu?

Tinthu toyera tija timene mumationa m'mnofu kapena pansi pa lilime la nkhumba, anthu anatitcha masese poti timafanana ndi masese a mowa. Madokotala amati cysticercus, "kathumba kokhala ndi mchira". Ndi ana a njoka ya m'mimba yaphanthiphanthi.

Pano tcherani khutu, chifukwa ambiri amasokoneza. Mukadya nyama ya masese yosapsa bwino, monga ija yootcha mwachangu pamalo omwera, mumakhala ndi njoka yaikulu m'matumbo. Njokayo imatulutsa mazira m'chimbudzi chanu. Nkhumba yoyendayenda ikadya chimbudzicho kutchire imachita masese. Koma munthu akameza mazirawo, kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena m'masamba, masese amamera m'thupi mwake ngati mwa nkhumba, ndipo akakhala mu ubongo munthu amayamba kugwa. Imeneyo ndiyo neurocysticercosis. Choncho ngakhale amene sadya nkhumba angadwale, ngati wophika panyumba ali ndi njokayo. Ofufuza agwira ntchito yaikulu m'midzi ya ku Katete ndi Petauke, ndipo anapeza kuti ambiri mwa odwala khunyu kumeneko ali ndi masese mu ubongo.

Zoteteza ndi chimbudzi chokumba, kusamba m'manja, khola la nkhumba, ndi kuphika nyama mpaka ipse mkati. Ndiwonjeze ichi: khunyu silipatsirana ndi thovu la m'kamwa kapena mpweya. Ndasambitsa mabala a moto a anthu amene anagwera pamafuwa abale awo akuthawa. Muchotseni pamoto, mugonekeni chammbali, musamuike kanthu m'kamwa.

Liwombo la mwana lalowa. Kodi ndimate mankhwala?

Achipatala amati fontanelle, Chifalansa chotanthauza kakasupe, chifukwa pamagunda ngati madzi otumphuka. Ndi mpata wa pakati pa mafupa a mutu, ndipo mwa ana ambiri umatsekeka pakati pa chaka chimodzi ndi chaka ndi theka. Liwombo palokha silidwala, limangoonetsa zimene zili m'thupi. Likalowa, mwana watha madzi, makamaka ndi kutsegula m'mimba ndi kusanza: pitirizani kuyamwitsa, mupatseni madzi a moyo (aja a shuga ndi mchere a kuchipatala), mupite naye kukiliniki. Likatukumuka mwana ali chete koma akutentha thupi, ingakhale nthenda youmitsa khosi, ndipo imeneyo siyembekeza kuti kuche. Phula lakuda lomata pamutu silibweza madzi, ndiponso limabisa chimene namwino afuna kuona.

Ndili ndi pakati ndipo ndimalakalaka dothi. Kodi zili ndi dzina?

Zimatchedwa pica, dzina la Chilatini la mbalame ina ya mtundu wa khwangwala imene amati imatola chilichonse. Ena amafuna dothi la chulu, ena la pakhoma, ena timibulu togulitsidwa pamsika, ena makala. Kawirikawiri nkhuli imeneyi imayendera limodzi ndi kuchepa kwa ayironi m'magazi, ndipo dothilo limawonjezera vuto: limatsekereza ayironi wa m'zakudya, limadzimbitsa, lingakhale ndi mazira a njoka. Palibe cha manyazi. Kauzeni a kusikelo, akuyezeni magazi. Amayi ambiri chilakolakocho chimazirala akayamba kumwa mapiritsi owonjezera magazi.

Bwanji pa ambulansi pali chithunzi cha njoka yozenga ndodo?

Ena amachita nacho mantha, poganiza za ufiti. Ndodoyo ndi ya Asclepius, amene Agiriki akale ankamutcha mulungu wa machiritso, ndipo njoka ankaiona ngati chizindikiro cha moyo watsopano chifukwa imafundula. Chizindikirochi chilinso pa mbendera ya World Health Organization. Mwa ana ake aakazi munali Hygieia, kumene kunachokera hygiene, ukhondo, ndi Panacea, dzina limene lero limanena mankhwala oti amachiza zonse. Ife Achewa tisadabwe kwambiri, popeza kwa makolo athu njoka thunga inali ya kukachisi wa mvula.

Nthano za Agiriki zadzaza m'thupi lathu. Mtsempha waukulu wa kuchidendene umatchedwa Achilles: amati mayi ake anamuviika mumtsinje kuti asamalasike, koma pamene anagwira padatsala pouma, ndipo muvi unamupeza pomwepo. Fupa loyamba la khosi, losenza mutu, ndi atlas, kutengera chimphona chimene chinasenza thambo. Morphine, mankhwala a ululu waukulu amene timapatsa odwala khansa, akuchokera kwa Morpheus, mulungu wa maloto.

Ndimadzuka usiku, maso akuona, koma thupi silitheka kusuntha ndipo china chake chandikhalira pachifuwa. Kodi ndi mfiti?

Amene sizinamuchitikire sangamvetse kuopsa kwake. Ufuna kukuwa, mawu satuluka. Pakhomo ukuona chithunzithunzi cha munthu. Dzina lake ndi sleep paralysis, kuuma thupi kwa kutulo. Pamene tikulota, ubongo umazimitsa minofu ya manja ndi miyendo kuti tisachite zimene tikulotazo. Nthawi zina maganizo amadzuka minofu isanatsegulidwe, ndipo maloto amapitirira m'chipinda chimene ukuchiona ndi maso. Kupuma sikuima, kumangomveka kolemera. Zimatha zokha m'kamphindi, kapena wina akakugwedeza.

Mitundu yonse ya anthu imazidziwa, ndipo yambiri inati ndi chinthu chokhala pachifuwa. Ngakhale liwu la Chingelezi loti nightmare lili ndi mare, mzimu umene Azungu akale ankati umapsinja ogona. Zimakonda kugwira ogona chagada, osagona mokwanira, ndi amene ali ndi nkhawa. Ana a sukulu nthawi ya mayeso amabwera nazo kwambiri. Gonani chammbali, ndi pa nthawi yake. Chimene chimandiwawa n'chakuti chithunzithunzi chija munthu amachipatsa nkhope ya agogo a nyumba yoyandikana, mawa lake mudzi uli pamlandu.

Kodi mantha okha angadwalitse munthu?

Angathe. Ambiri anamvapo za placebo, Chilatini chotanthauza "ndidzakondweretsa": piritsi lopanda mankhwala limene limachepetsa ululu chifukwa wodwala akulikhulupirira. Mnzake ndi nocebo, "ndidzavulaza", liwu limene Walter Kennedy analemba mu 1961. Munthu akauzidwa kuti "uona", n'kukhulupirira, tulo timatha, chakudya chimakana, mtima umathamanga, ndipo amaonda ndithu. Sakunamizira. Ifenso achipatala tingamuchite zimenezi wodwala ndi mawu otaya mtima. Koma samalani: chikhulupiriro chimachepetsa ululu ndi nseru, sichipha tizilombo ta malungo, TB kapena HIV.

Atsikana a kusukulu yogonera akuyamba kugwa ndi kukuwa mmodzi pambuyo pa mnzake. N'chiyani?

Kale ankati hysteria, kuchokera ku liwu la Chigiriki la chiberekero, poganiza kuti chiberekero chimayendayenda m'thupi mwa mkazi. Limenelo linali bodza, ndipo dzinalo analisiya, popeza anyamata ndi akuluakulu zimawagwiranso. Lero amati mass psychogenic illness. Yotchuka inachitika mu 1962 pasukulu ya atsikana ku Kashasha, ku Tanganyika (Tanzania wa lero): kuseka ndi kulira kosaletseka kunafalikira mpaka sukulu inatsekedwa. Zimagwira ntchito monga ndafotokozera pa nocebo, kungoti mantha akudumpha kuchoka kwa wina kupita kwa wina. Choyamba ayezedwe, kuopa malungo, khunyu kapena chakudya choipa. Kenako alekanitseni, chotsani gulu loonerera, ndipo mufunse modekha chimene chikuwasautsa pasukulupo.

Kodi "kuganiza kwambiri" ndi matenda enieni?

Inde. Anansi athu Achishona amati kufungisisa, ndipo liwu lawolo linalowa m'buku lalikulu la madokotala a maganizo la ku America mu 2013. Munthu sanena kuti "ndili ndi depression". Amati mutu ukulemera, mtima ukuwawa, tulo kulibe, mphamvu zatha, ndipo amazungulira makiliniki kulandira Panadol. Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pamene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa kiliniki kumvetsera anthu otere, ndipo anthu amathandizika. Zikapitirira masabata awiri, kapena munthu akayamba kunena zoti kuli bwino kufa, musamusiye yekha ndipo mupite naye kuchipatala.

Bambo anga atadwala sitiroko akumva zonse koma mawu sakutuluka. Kodi apenga?

Sanapenge. Imeneyo ndi aphasia, "kusowa mawu". Mu 1861 Paul Broca wa ku Paris anali ndi wodwala amene ankangotha kunena "tan", ndipo atamwalira anapeza kuti mbali ina ya kumanzere kwa ubongo inawonongeka. N'chifukwa chake vutoli limayenda kawirikawiri ndi kufooka kwa dzanja ndi mwendo wa kumanja. Nzeru zawo zilipo, ndipo amamva mukamawanena pamaso pawo. Alankhuleni ngati munthu wamkulu, funsani mafunso oti ayankhe ndi mutu, muwapatse nthawi. Yesaninso nyimbo. Ndinaona abambo ena amene sankatha kutchula dzina la mkazi wawo akuimba vesi lonse la nyimbo ya kutchalitchi, mayiwo atagwira pakamwa.

Pakhadi alemba aetiology. Mwana wanga akuti liwu lomwelo analiphunzira pa nthano. Zikugwirizana bwanji?

Gwero lake ndi liwu la Chigiriki lotanthauza chifukwa. Kuchipatala limanena chimene chayambitsa nthenda. Pa nthano limanena nkhani zofotokoza chiyambi cha zinthu, monga ija ya Chauta kutuma bilimankhwe kukauza anthu kuti akafa adzauka, buluzi n'kumupitirira ndi uthenga woti imfa ndi imfa. Dokotala ndi agogo a pamoto akuyankha funso limodzi lomwelo loti "zinayamba bwanji".

Kodi ife tili ndi mawu amene Chingelezi chilibe?

Tili nawo ambiri, ndipo amene ndimawanyadira ndi mvekero: mbee, bii, psuu, zii, lobodo. Akatswiri a zilankhulo amati ideophone, dzina limene linafala kuchokera kwa Clement Doke mu 1935. Iyeyu anayamba ntchito yake pakati pa Alamba ku Copperbelt. Mvekero sungotchula chinthu, umachionetsa, ndipo kuchipatala unkandithandiza kuposa mafunso khumi.

Mayi akati mkodzo wa mwana pomaliza uli psuu, ndinkafunsa dambo limene amasambako, poganiza likodzo, limene pakhadi amalemba bilharzia potengera Theodor Bilharz amene anapeza nyongolotsi yake ku Cairo mu 1851. Akati m'zikhatho muli mbee, ndinkathamangira kuyeza magazi. Usiku wina mayi wa kumudzi anafika ndi khanda kumbuyo, dokotala wachilendo n'kufunsa kudzera mwa ine ngati mwanayo akutentha thupi. Mayiyo anapukusa mutu. "Iyayi, anamwino. Kuyambira madzulo wangoti lobodo, kumapazi kuli zii, bere sakulifuna." Sindinamasulire liwu ndi liwu. Ndinamumasula mwanayo kumsana, n'kuuza adokotala kuti tisiye mzere tiyambe ndi uyu.